Pakhosi pa Enifa

Lolemba, 23 Febuluwale 1959

Atigoneka m'chipatala lero. Wodwala ndi mwana wanga Enifa, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ine ndine womudikirira. Kope ili tinagulira iyeyo kuti azilembamo kusukulu, koma analembamo masamba awiri okha. Ndiye ndati ndizilembamo ine zimene akumuchita kuno, kuti bambo ake akabwera asamandipanikize ndi mafunso ngati ndapalamula.

Enifa anabadwa ndi kamzere koyambira kuseri kwa khutu lamanzere, kutsika m'khosi mpaka paphewa. Ali wakhanda kanali kosalala, koderako pang'ono, ndipo azimayi ankati kazimiririka kokha. Sikanazimiririke. Mwana akukula, pamzerepo panayamba kumera njerewere zakuda, zouma, zothithikana. Sizimuwawa, sizituluka madzi, koma anthu sachotsapo maso. Mwezi watha aphunzitsi anamubweza kusukulu, ati makolo a anzake akudandaula kuti apatsira ana awo. Chibadwire wakhala akugona mphasa imodzi ndi mlongo wake Mabvuto, ndipo khosi la Mabvuto lili see, koma amandimvera ndani ine?

Tinapita naye kwa a Alufandika, sing'anga wa ku Mdeka amene amatchuka pa za pakhungu. M'kanyumba kawo ka mankhwala amalowa ndi wodwala yekha, ine ndinkadikira panja patsinde pa mango. Anamutema mphini m'mbali mwa mzerewo n'kupakamo utomoni wa nkhadze wosakaniza ndi zakudazakuda zawo. Tinapitako katatu. Njerewere zili pomwepo, koma khosi latupa, pali bala la mafinya, ndipo thupi lakhala likutentha kuyambira sabata yatha.

Tachoka kwathu ku Chileka kusanatenthe, Enifa pakaliyala ya njinga ya bambo ake, ine pansi, mpaka kuno kuchipatala cha mishoni kupitirira Lirangwe. M'njira ankabuula, ndiye ndinamuuza kuti tikupita kwa azungu kuti akazichotse zonse, abwerere kusukulu. Anasiya kubuula. Mapazi anga atupa.

Lachiwiri, 24 Febuluwale

A Dokotala sakhala pano, amachokera kutauni pagalimoto Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndi mzungu wachinyamata, wamtali, Chinyanja chake chimathera pa moni. Wowamasulira ndi a Greyson, dilesala wa pano, amene amatsukanso mabala ndi kubaya jakisoni.

A Dokotala anafunsa kuti pabalapo tinapakapo chiyani. Ndinati nkhadze. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayankhula zambirimbiri, koma a Greyson anangomasulira kuti, "Ati musadzachitenso." Ndikudziwa kuti zina anandibisira, ndipo ndawathokoza mumtima.

Mankhwala ndi awa: jakisoni wa penisilini m'mawa ndi madzulo, theka la mbulu woyera wotsitsa kutentha, bala kulitsuka ndi madzi amchere ofunda, kupaka mankhwala abuluu aja, n'kumanga bandeji.

Pobaya jakisoni Enifa anakuwa mpaka mbuzi za a Sisitala, namwino wamkulu wa pano, zinathawa pakhonde. Koma potsuka bala, pamene ine ndemwe ndinatembenuza nkhope, anangoti duu.

"Mwana wanuyu ndi wodabwitsa, mayi," anatero a Greyson. "Pathako pabwinobwino akulira chonchi, pakhosi pali bala ali phee."

Ndinaseka. Ndinati watengera kwa bambo ake, amene amalira ndi chimfine koma khasu likawatema samva.

Odikirira timagona pansi, kunsi kwa bedi la wodwala wathu. Bedi loyandikana nafe pali kamdzukulu ka a Asiyatu, Myao wa ku Mdeka, kanagwera pamoto n'kupsa mkono. A Asiyatu pakamwa sipatseka. Tsiku limodzi lokhali ndadziwa kale mayina a akazi anzawo onse ndi zolakwa za aliyense.

Lachinayi, 26 Febuluwale

Thupi likadali lotentha. Phala wakana, wangomwa tiyi. Mvula tsiku lonse, nkhuni kukhitchini kwa odikirira zanyowa, utsi wokhawokha. Mayi wina wandilanda mafuwa ndipo ndinalibe mphamvu zokangana naye. Ndatopa.

Loweruka, 28 Febuluwale

Kutentha kwatsika. Mafinya achepa, kutupa kwayamba kuphwa. Wadya phala ndi nthochi.

Bambo a Enifa anabwera masana ndi mondokwa wowotcha, nkhwani ndi kalongonda wa apongozi. Iwo amatchetcha udzu pabwalo la ndege, ndipo akuti masiku ano ndege zikungotera motsatizana, kutsitsa asilikali achizungu a ku Rodeshiya. Amanga matenti pomwe iwo anatchetcha, ndipo pageti akumawasecha mpaka m'chipewa. Anayamba kundilongosolera za Chitaganya, chija chotiphatikiza ndi Rodeshiya. Ndinawauza kuti za Chitaganya ndidzamva mwana akachira.

Enifa anawafunsa kuti, "Ababa, nanga azichotsa liti?"

Anayang'ana ine. Ndinati bala liyambe lapola.

Madzulo ndinamupeza akuphunzitsa kamdzukulu ka a Asiyatu a, e, i, o, u. Ndi zokhazo zimene anatola kusukulu, koma akuphunzitsa ndi ukali wake wonse, kakalakwitsa akukaopseza ndi chitsononkho.

Lachiwiri, 3 Malichi

A Dokotala sanabwere. A Greyson akuti amva pawailesi ya a Sisitala kuti boma lalengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu ambiri amangidwa, misewu yatsekedwa. Palibe mlendo amene wafika pachipatala lero. Ndege zikungodutsa pamwamba. Azimayi kukhitchini akuyankhula motsitsa mawu, ngakhale a Asiyatu.

Jakisoni watha lero. Bala lauma ndipo bandeji achotsa. Pamene panapsa ndi nkhadze patsala chigamba chotuwa, chosalala, kukula kwake ngati chikhatho cha Enifa, pambali pa njerewere. Wapempha kagalasi ka a Asiyatu, wadziyang'ana nthawi yaitali, kenako wabweza.

Ufa watsala wochepa. Sindikudziwa ngati bambo ake ali bwino.

Lachisanu, 6 Malichi

A Dokotala afika, maso ali psu ngati munthu amene sanagone. Akuti msewu wonse ndi asilikali okhaokha. Bala analiona n'kugwedeza mutu kuti lili bwino, ine ndinayamba kale kuganiza zomanga katundu. Koma anaima pachigamba chotuwa chija, n'kuchitembenuzira kuwindo, n'kuchisisita ndi chala.

Ndilembe bwinobwino zimene anachita. A Greyson anamanga Enifa kansalu m'maso n'kumuuza kuti, "Ukamva chinthu chikukukhudza, unene, ulozenso pamene chakukhudzapo." A Dokotala anatenga thonje n'kumukhudza patsaya. Enifa analoza akuseka. Pamkono, analoza. Anatenga singano n'kumubaya pang'ono padzanja, iye anati, "Mayo!" Kenako anapita pachigamba paja. Thonje, zii. Singano, zii. Anabayanso mwamphamvu mpaka kadontho ka magazi kanatuluka, mwana ali chiimire, manja m'mbali.

Ine ndinanyadira. Ndinayang'ana azimayi anzanga kuti aone mwana woleredwa bwino, wosachititsa manyazi pamaso pa mzungu. Ndinadabwa kuti palibe amene anandibwezera maso.

Pomaliza anamucheka pang'ono pakhutu ndi kampeni, n'kupaka timadzi take pagalasi kuti akayeze kutauni. Apo ndiye analira mpaka mamina. Sanatitulutse. Mankhwala palibe lero.

Loweruka, 7 Malichi

M'mawa anatulutsa bedi la Enifa m'wodi n'kukaliika pakhonde lakuseri, kumene amayanika zofunda. Atipatsa mbale yathu ndi kapu yathu zopakidwa penti wofiira pansi. Ndinathamangira a Greyson mpaka kumene amawiritsa masingano.

"Bambo, talakwa chiyani?"

Anandikhazika pansi. "Mayi, musakuwe. A Dokotala akuganizira khate."

Ndinakuwa.

"Khate limayamba ndi chigamba chotuwa ngati chimenecho," anatero. "Pamene lagwira khungu limafa, silimva kanthu, ngakhale moto. Munaona nokha, anabaya mpaka magazi."

"Koma pajapo ndi pamene panapsa ndi nkhadze!"

"Mwina linalipo kale, bala linangobisa. Nanga masiku onse aja ndinkatsuka ndi mchere, munamumva akulira?"

Zonse zimene ndinkaseka ndi kunyadira zinandibwerera. Ngakhale kwa a Alufandika, lumo ndi nkhadze katatu konse, sindinamvepo mawu ake ndili patsinde pa mango paja.

Enifa ndamuuza kuti atisamutsa chifukwa m'wodi mwadzaza. Wakondwa, ati kuno kukuoneka mapiri.

Lamulungu, 8 Malichi

Ndinalowa m'tchalitchi cha pachipatala, ndipo benchi limene ndinakhalapo linatsala langa ndekha. Nyimbo sindinaimbe. Kukhitchini mayi uja anandilanda mafuwa wandisiyira khitchini yonse. A Asiyatu okha anabwera pakhonde ndi mbatata yophika, n'kukhala pabedi penipeni.

"Achemwali, ine ndakalamba kale, khatelo likandifuna lifulumire," anatero.

Bambo a Enifa anafika masana, anadzera njira za m'minda kuopa asilikali. Nditawauza anakhala pansi pomwe anaima. Enifa atawaona anathamanga kuti akhale pamiyendo pawo, ndipo ndinaona manja awo akubwerera m'mbuyo. Kanali kanthawi kochepa, kenako anamunyamula, koma ndinaona, ndipo iwo anadziwa kuti ndaona.

Tili kuseri anati, "Amake Enifa, mangani katundu. Timutenge pompano, palibe amene atitsate, boma latanganidwa ndi zina."

Ndinakana. Pano pali anthu a ku Chileka, a ku Lunzu, a ku Mdeka. Tikathawa, mbiri ikafika kumudzi ife tisanafike. Pachitsime sadzandilola kutunga, Mabvuto nayenso adzamuthamangitsa kusukulu, ndipo Enifa adzakhala wakhate mpaka kumanda, kaya ali nalo kaya alibe. Ndinati tidikire za pagalasi zija.

Anapita osadya. Mondokwa amene anabweretsa sindinaukhudze.

Lachiwiri, 10 Malichi

Pagalasi sanapezepo kanthu. Ndinayamba kuwomba m'manja, koma a Greyson anandigwira mkono. A Dokotala akuti pali mtundu wina wa khate umene suoneka pagalasi, umadziwika ndi khungu lakufa basi. Akuti mwana tamupeza msanga, akalandira mankhwala zala sizidzaduka. Koma mankhwalawo amaperekera kumudzi wa akhate, kutali kuchigwa. Lole ya kumeneko ibwera Lachisanu. Ana amakhalako zaka, ndipo amayi awo sakhala nawo.

Ndinamutuma Enifa kuti akabweze poto wa a Asiyatu, kenako ndinafunsa za njerewere, popeza ndi zimene zinatiyambitsa zonsezi. A Dokotala anayankha mosavuta ngati ndafunsa za mvula. Ati zimenezo si matenda, anabadwa nazo, ana owerengeka amabadwa choncho, iwo anangoonapo m'buku. Sizipatsirana, sizipha, ndipo mankhwala ake kulibe. Ngakhale kuzidula zimameranso. Ati tizisiye.

Zaka zonsezi, nkhuku zonse zinapita kwa asing'anga zija, yankho lake n'kukhala lakuti tizisiye.

Enifa atabwera anafunsa kuti a Dokotala ati chiyani. Ndinati ati ukuchira. Sindinadye.

Lachitatu, 11 Malichi

Masana kunatentha ndipo Enifa anagona tulo, khosi lili pamtunda. Ine ndinangokhala, kumuyang'ana, kuganiza kuti ndimumangire chiyani m'kathumba. Ntchentche inatera pachigamba paja. Mwana anakwinya nkhope n'kuiingitsa ndi dzanja, ali mtulo. Inabweranso, anaiingitsanso.

Ndinazula kaudzu pakhonde n'kumukhudza pakati penipeni pa chigambacho. Anakanda pomwepo.

Ndinamudzutsa mwankhanza, ndikuvomera.

"Iwe, pakhosipa umamva?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikukufunsa! A Dokotala ankakubaya, unkamva?"

"Ndinkamva."

"Nanga unangokhala chete bwanji?"

Anayang'ana uku ndi uku, kenako ananong'ona. "A Alufandika anati pakhosipa akamachitapo mankhwala ndisalire, ndisayankhule, ndisagwedezeke. Ati ndikangotero mankhwala athawa, njerewere sizidzachokanso. Anatinso ndisauze munthu."

"Nanga pathako unkalira bwanji?"

"Pathako palibe njerewere."

Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi mpaka a Asiyatu anabwera akuthamanga, kuganiza kuti ndapenga. Ndinamuuza Enifa kuti singano ija sinali mankhwala, a Dokotala ankangoyeza. Anandiyang'ana ngati ndine mwana.

"Amayi, munanena nokha kuti azungu azichotsa. Ayamba kale. Singano yawo ndi yowawa kuposa lumo, ndiye kuti ndi yamphamvu."

Ndinapita kwa a Greyson. Anandimvera mpaka kumapeto, kenako anapuma mpweya wautali.

"Mayi, sindikuti mukunama. Koma mayi aliyense amene mwana wake akukwera lole ija amabwera kwa ine ndi nkhani. Wina amati mwana ndi wamanyazi, wina amati samva Chinyanja. A Dokotala sangamvere za ntchentche."

Ndinawachonderera mpaka anabwera madzulo pamene Enifa anali atagonanso. Anamukhudza ndi thonje, anamutsina pang'ono. Mwana ali gone, maso otseka, osasuntha. Koma ine ndimadziwa mapumidwe a mwana wanga akagona. Anali maso.

A Greyson anandiyang'ana mwachisoni n'kuchoka. Ndinafuna kumumenya mwanayu. Ndinangotuluka n'kukaima kuseri kwa thanki yamadzi.

Lachinayi, 12 Malichi

Ndinadikira a Sisitala pakhomo pawo kuyambira m'mawa. Ndi mzungu wachikulire, Chinyanja amachidziwa ngakhale amachiyankhulira m'mphuno. Ndinagwada pamatope. Avomera kupempha a Dokotala kuti amuyezenso Enifa mawa lole isananyamuke, koma kamodzi kokha. Ati akakhalanso chete, palibenso chimene angachite.

Tsiku lonse ndalimbana ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndipo wandigonjetsa. Ndinayamba ndi kunyengerera. A Asiyatu anamulonjeza mkanda wawo wofiira. Ndinamuopseza ndi bambo ake, ndinamuopseza ndi asilikali. Ndinamuuza kuti a Alufandika ndi wabodza, iye anati nanga munanditengerako chifukwa chiyani katatu. Ndinamuuza zoona za lole, kuti akapanda kuyankhula mawa apita kutali, ine nditsala.

Anasewera ndi chingwe cha diresi. Kenako anafunsa kuti, "Kumeneko kuli mankhwala?"

"Alipo, koma ndi a khate. Iwe ulibe khate."

"Koma ndi a pakhungu?"

"Enifa, ukakhalako zaka. Mabvuto sudzamuona. Ine sudzandiona."

Analuma milomo. "Ndipita. Zikachoka ndidzabwera. Ndapirira kale zambiri, amayi. Ndikalira mawa ndiye kuti zonse zija zapita pachabe."

"Mwanayu mutu wake ndi mwala," anatero a Asiyatu. "Achemwali, mwatsala ndi chinthu chimodzi chokha chomuuza, ndipo mukuchidziwa."

Ndikuchidziwa. Ndinatsegula pakamwa kangapo madzulo ano, koma ndikamuona akudzisisita pakhosi n'kumayeza ndi chala ngati zachepa, mawu akumandikanirira. Chimene chamuimika mwanayu masiku onsewa ndi chomwecho, ndipo amene ndinamupatsa ndine. Ndachapa madiresi ake awiri. Sindikudziwa ngati ndachapira ulendo wa kwathu kapena wa kuchigwa.

Lachisanu, 13 Malichi

Lole inafika a Dokotala asanafike. Inaima pansi pa mtengo wa bulugamu, kumbuyo kuli anthu atatu achikulire atafunda mabulangete, mmodzi wopanda zala. Enifa anaiyang'ana n'kukatenga yekha kathumba kake.

A Dokotala anabwera pakhonde ndi a Sisitala ndi a Greyson. Ankaoneka kuti akungochita kuti a Sisitala asadandaule. Anamumanga kansalu m'maso. Patsaya analoza. Padzanja analoza. Pachigamba, thonje, zii. Singano, zii. Ndinaona zala za kumapazi kwake zikukanda simenti, koma kumapazi sankayang'anako munthu. A Dokotala anayamba kubweza singano m'kabokosi.

Ndinagwada patsogolo pa mwana wanga n'kumumasula kansalu kaja. A Greyson anati, "Mayi!" koma a Sisitala anawaletsa.

"Enifa, tandiyang'ana. Ndinakunamiza. Azungu sazichotsa njerewerezi. Mankhwala ake kulibe, kuno kulibe, kuchigwa kulibe, kwa a Alufandika kunalibe. Unabadwa nazo ndipo udzakula nazo. Palibe mankhwala amene angathawe, mwanawe, chifukwa palibe amene analowapo."

Sanandikhulupirire. Anatembenukira kwa a Greyson.

"Nzoona?"

A Greyson anafunsa a Dokotala m'Chingerezi, a Dokotala anayankha mawu ochepa.

"Nzoona, mwana wanga. Ati sizichoka. Koma ati si matenda, sungapatsire munthu."

Enifa anaimirira choncho nthawi yaitali. Dalaivala wa lole analiza hutala. Kenako mwanayo anatola kansalu kaja m'manja mwanga n'kuwapatsa a Greyson kuti amumange.

A Dokotala anamukhudza ndi thonje pachigamba.

"Apa," anatero, n'kuika chala pomwepo.

Anakhudza m'munsi mwake. "Apa." M'mphepete. "Apa." Ananamizira kukhudza koma osakhudza, iye anangokhala. Anabweretsa timabotolo tiwiri, ka madzi otentha ndi ka madzi ozizira, ndipo Enifa anatchula tonse molondola. Pomaliza anatenga singano.

"Ikuwawa," anatero Enifa, mawu ake ali pansipansi. "Ija inkawawanso."

A Dokotala anakhala pabedi n'kugwira mutu. Anafufuta zimene analemba papepala la pabedi n'kulemba zina. Ati ndi chipsera chabe cha nkhadze. A Sisitala alonjeza kulembera aphunzitsi kuti mwana alibe nthenda yopatsirana. Titulutsidwa mawa, mankhwala ndi mafuta opaka pachipsera basi.

Lole inapita ndi anthu ake atatu. Bedi analibwezera m'wodi, mbale ya penti wofiira anaitenga. Azimayi anabwera kudzandigwira chanza, ngakhale uja wa mafuwa. A Asiyatu analulutira mpaka a Sisitala anawakalipira. Ine chimwemwe sindinachipeze. Ndinangomva kutopa, mafupa onse.

Enifa anagona choyang'ana kukhoma. Phala anakana, ine osandiyankhula. Ndinakhala pansi pambali pa bedi, osamukhudza, chifukwa sindinadziwe ngati akufuna dzanja langa. Dzuwa litapendeka anatembenuka.

"Amayi."

"Ee, mwanawe."

"Ndiye kuti tsopano ndikhoza kulira?"

Ndinati eya.

Anayamba pang'onopang'ono ngati waiwala kaliridwe kake. Kenako zinabwera zonse, za lumo, za nkhadze, za mchere, za singano. M'wodi monse munali zii, panalibe amene anati atonthole. Inenso sindinamutonthoze. Ndinamukweza pamiyendo panga, nkhope yanga ili pakhosi pake, n'kumusiya alire.